Kodi Galamafoni Yotsika Mtengo Imadya Mbale?

Loweruka lina masana, ndili pakhonde kuchonga makope a ophunzira anga a Fomu 3, kudafika mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa zaka zinayi zapitazo. Mnyamatayu adakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo tsopano akugwira ntchito ya ukalaliki m'tauni. Titalonjerana ndi kufunsana za kumudzi, iye adapisa dzanja m'thumba natulutsa foni, nandionetsa chithunzi cha kagalamafoni kokongola, kooneka ngati kasutikesi, kokhala ndi chogwirira chake ndi masipika ake omwe.

"Aphunzitsi," adatero mnyamatayo, "malemu agogo anga aamuna adatisiyira bokosi lodzaza ndi mbale za nyimbo zimene adabwera nazo kuchokera ku Bulawayo. Ndikufuna kuti agogo aakazi amvenso nyimbozo akadali ndi moyo. Aka ndingakwanitse kugula ndi malipiro a mwezi uno. Koma mnzanga wina kuntchito akuti galamafoni yotsika mtengo imadya mbale. Kodi nzoona?"

Tsikulo ndidamuyankha mwachidule, koma ndaona kuti funsoli liyenera kuyankhidwa mokwanira, pakuti mnyamatayu sali yekha. Mbale zimene tinkayesa kuti zidaikidwa m'manda ndi makaseti ndi ma CD zaukanso. Ku America m'chaka cha 2022 kudagulidwa mbale 41 miliyoni pamene ma CD adali 33 miliyoni okha, ndipo aka kadali koyamba kuchokera mu 1987 kuti mbale zipose ma CD. Poona kuti mbale zikuyendanso malonda, makampani akhala akupanga magalamafoni a mtengo uliwonse, ndipo ena akufika kuno kwathu kudzera mwa abale a ku Joni ndi ku Mangalande, kapena mwa amalonda a pa intaneti. Mabokosi a mbale amene adakhala zaka zambiri kunsi kwa bedi akutsekulidwa tsopano, ndipo m'mabokosi ena muli zinthu zimene zikaonongeka sizidzapezekanso.

Yankho langa ndi ili: mtengo paokha sudya mbale. Zimene zimadya mbale ndi zitatu: singano yotha, mkono wolemera kapena wopepuka mopitirira muyeso, ndi fumbi. Galamafoni yotsika mtengo imene ili bwino pa zinthu zitatuzi ingathe kusunga mbale zanu kufikira ukalamba wanu, pamene ya mtengo wapatali yokhala ndi singano yotha ingathe kuziononga chaka chisanathe. Tsoka lake ndi lakuti magalamafoni otsikitsitsa mtengo, makamaka a sutikesi aja, amalakwa pa singano ndi pa mkono pomwe, ndipo sapatsa mwiniwake njira yokonzera mkonowo.

Mmene mbale imasungira mau

Kuti timvane bwino, tiyeni tiyambe taona mmene mbale imasungira mau. Mukaiyang'ana mbale poyera mumaona mizere yambirimbiri, koma kunena zoona mbali iliyonse ili ndi kanjira kamodzi kokha, kamene kamayambira m'mphepete nkumazungulira mpaka pakati. Pa chimbale chachikulu, chija cha mainchesi 12 chozungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, kanjira ka mbali imodzi kakadatambasulidwa kakadatalika pafupifupi theka la kilomita, koma m'lifupi mwake nkochepa ngati tsitsi limodzi. Kanjiraka kali ngati khwawa la makoma awiri, ndipo makomawo ali ndi timafunde tosaoneka ndi maso. Nsonga ya singano ikamayenda m'khwawamo imagwedezeka motsata timafundeto, ndipo kabokosi kogwira singano, kamene amalonda amakatcha katiriji, kamasandutsa kugwedezekako kukhala mphamvu yochepa ya magetsi imene ampulifaya imaikuza kufikira titamva nyimbo. Mau okwera, monga a chitoliro cha kwela kapena a chilembo cha s m'kamwa mwa woimba, amasungidwa m'timafunde tating'onoting'ono kwambiri, ndipo ndiwo amayamba kutha mbale ikamazunzidwa.

Choncho kuimba mbale ndiko kukwecha mwala wolimba pa pulasitiki yofewa. Palibe galamafoni ya singano, ngakhale ya mtengo wotani, imene siichotsako kanthu mbale. Chosiyana nchakuti ina imachotsa pang'ono zedi kotero kuti mbale imaimbidwa kwa zaka makumimakumi khutu osamva kusintha, pamene ina imaimaliza m'miyezi yowerengeka.

Mantha a anthu pa nkhaniyi ali ndi pochokera. Galamafoni ya mbale adaitulukira Emile Berliner, Mjeremani amene ankakhala ku America, m'chaka cha 1887. Mbale zakale, zija zolemera ndi zosachedwa kusweka zimene zinkazungulira ka 78 pa mphindi, zinkapangidwa ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India, wosakaniza ndi ufa wa miyala. Magalamafoni opukusa ndi dzanja amene makolo athu ankabwera nawo kuchokera ku Joni ndi ku Halale ankaimba ndi masingano achitsulo, ndipo mutu wogwira singanoyo unkatsamira pa mbale ndi magalamu oposa 100. Masingano ankagulitsidwa m'tizitini chifukwa lamulo lake lidali kusintha singano mbali iliyonse ikatha. Koma ndani akadataya singano itangoimba nyimbo imodzi, pamene sitolo ili pa mtunda wa tsiku lathunthu? Singano inkabwerezedwa, ndipo mbale zinkatha anthu akuona.

M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia ku America idatulutsa chimbale cha pulasitiki ya vinyl, ndipo mu 1949 kampani ya RCA Victor idatulutsa timbale ta mainchesi 7 tozungulira ka 45. Kanjira ka mbale zatsopanozi kadali kochepa kwambiri, kofuna nsonga yaing'ono ndi mkono wopepuka. Apa mpamene pachokera langizo loyamba kwa aliyense wotsekula bokosi la agogo: mbale ya 33 kapena ya 45 musaiike pa galamafoni yopukusa ndi dzanja ngakhale kamodzi kokha, ndipo mbale ya 78 imafuna singano yakeyake, imene nsonga yake ndi yonenepa katatu kapena kanayi kuposa ya mbale za vinyl.

Adani atatu a mbale

Mdani woyamba, ndiponso wamkulu, ndi singano yotha. Nsonga za masingano a makono zimapangidwa ndi safiro kapena ndi dayamondi. Ya safiro njotsika mtengo, ndipo ndiyo imapezeka kawirikawiri pa magalamafoni a sutikesi, koma imatha itaimba maola pafupifupi 50. Ya dayamondi, malinga ndi kasemedwe kake, imafika maola a pakati pa 300 ndi 1,000. Tiyeni tichite masamu. Munthu amene amaimba mbale ola limodzi madzulo aliwonse, singano ya safiro imamuthera miyezi iwiri isanakwane, pamene ya dayamondi ya maola 500 imamufikitsa chaka ndi miyezi inayi. Singano ikatha simasweka kapena kuthothoka kuti mwiniwake aone. Nsonga imene idali yozungulira bwino imaphwa m'mbali mwake mmene imakhudza makoma a kanjira, ndipo m'mphepete mwa malo ophwawo mumakhala mwakuthwa ngati sompho. Kuyambira pamenepo singano imayamba kusema timafunde tija m'malo mongotitsata. Choopsa nchakuti khutu limachedwa kuzindikira. Pamene munthu ayamba kumva kuti nyimbo zikusasa, mbale zake zonse zimene waimba m'masabata amenewo zimakhala zitalawako kale sompho. Nchifukwa chake singano timasintha powerenga maola, osati podikira khutu. Kakope kakang'ono kolembamo mbale zimene mwaimba nkokwanira, pokumbukira kuti chimbale chimodzi, mbali zonse ziwiri, chimatenga mphindi pafupifupi 40.

Mdani wachiwiri ndi kulemera kumene mkono umatsamira nako pa mbale. Kulemeraku kumayezedwa m'magalamu, ndipo kuti tikuone ndi maso, titenge pepala limodzi la A4 losindikizapo mayeso, lija pa paketi yake pamalembedwa 80. Pepala limeneli limalemera magalamu 5. Galamafoni yabwino imatsamira pa mbale ndi magalamu a pakati pa 1.5 ndi 2.5, kutanthauza osapitirira theka la pepala lija, pamene magalamafoni ambiri a sutikesi amatsamira ndi magalamu 4, 5 ngakhale 6. Wina angafunse kuti pepala limodzi nchiyani. Koma amene ankamvetsera m'kalasi la sayansi akukumbukira kuti mphamvu yochepa ikaunjikana pa malo ochepetsetsa imaboola. Chala sichiboola nsalu, koma singano yosokera imaboola ndi mphamvu yomweyo. Malo amene nsonga imakhudza khoma la kanjira ndi ochepa kotero kuti magalamu awiri okha amapanikiza pulasitiki ngati katundu woposa tani imodzi ataikidwa pa sikweya sentimita imodzi. Mwamwayi vinyl imapindika pang'ono singano ikamadutsa, kenaka nkubwerera m'malo mwake. Koma kupanikizako kukanyanya, siibwerera yonse.

Nanga nchifukwa ninji opanga masutikesi salemeretsa mkono pang'ono basi? Chifukwa chake chili m'katiriji. Iwo amaika katiriji ya ceramic, imene imatulutsa yokha mphamvu ya magetsi yokwanira, motero safunika kuonjezera zipangizo zina zokuzira mau, ndipo mtengo umatsika. Koma katiriji ya mtundu umenewu njouma, siigwedezeka mosavuta, ndipo kuti singano yake ikhazikike m'kanjira imafuna kupanikizidwa. Katiriji ya maginito njofewa ndipo imatsata timafunde ndi mkono wopepuka, koma mphamvu yake njochepa kwambiri, yofuna chokuzira chapadera. Ndalama zoonjezera zimene munthu amalipira pa galamafoni yabwinoko zimapita kwenikweni pamenepa.

Komabe pali msampha wina umene anthu osamala kwambiri amakodwamo. Iwo atamva kuti kulemera kumaononga, amapeputsa mkono kupitirira zimene opanga katiriji adalemba. Singano yopepuka chotere siikhazikika. Imanjanja m'kanjira nkumamenya makoma uku ndi uku, makamaka pamene nyimbo yafika pokweza, ndipo kumenyako kumaswa timafunde msanga kuposa kulemera kopitirira pang'ono. Muyeso woyenera ndi umene adalemba opanga katiriji, ndipo akapereka malire awiri nkwabwino kutsamira cha ku malire a pamwamba.

Ine amene ndikulemba izi sindidabadwe ndikuzidziwa. Chaka chimene ndidayamba uphunzitsi ndidagula kasutikesi konga kamene mnyamata uja adandionetsa. Malemu bambo anga adandisiyira timbale ta 45 tingapo, ndipo kamodzi mwa ito kadali ka nyimbo imene adavina ndi mayi tsiku la ukwati wao. Kambaleko kadali kopindika pang'ono, ndipo singano inkadumpha. Ndidachita zimene ndinkaona akuluakulu akuchita ndili mwana: ndidamata ndalama yachitsulo pamutu pa mkono. Kudumpha kudatha, ine nkudziyesa katswiri. Ndidaimba kambaleko madzulo ambiri kwa miyezi ingapo, singano osaisintha. Tsiku lina ndidazindikira kuti mau a woimba ayamba kusasa ngati a munthu wa chimfine, ndipo nditakayang'ana pawindo ndidaona kuti mizere imene idali yakuda bii ndi yonyezimira yasanduka yotuwa. Kutuwako ndicho chizindikiro cha makoma opalika. Pambuyo pake ndidagula galamafoni yabwino, koma galamafoni yabwino siibwezera zimene zidapalika. Madzi akatayika saoleka. Mayi akamva kambaleko lero amangopukusa mutu nkunena kuti, "Sikankamveka chonchi, mwanangu."

Mdani wachitatu ndi fumbi, ndipo ameneyu sayang'ana mtengo wa galamafoni. Kuno kwathu, kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limalowa paliponse, ndipo vinyl ikakwechedwa imalikoka monga mmene chipeso cha pulasitiki chimakokera tizidutswa ta mapepala. Mafuta a m'zala amalimata m'kanjira, ndipo singano ikafika imaliguguza m'makoma ngati mchenga wa pa mphero, mbale ndi singano nkumathera pamodzi. Mankhwala ake safuna ndalama zambiri. Mbale igwireni m'mphepete ndi pakati pa pepala, osakhudza mizere. Ipukuteni ndi kaburashi kofewa musanaiimbe, ndipo mukatha ibwezereni m'chikutiro chake nthawi yomweyo. Imene yada kwambiri itsukeni ndi madzi oyera osatentha othira kadontho ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, motsata mizere ndi kansalu kofewa, osanyowetsa pepala la pakati. Itsukuluzeni, ndipo iume pamthunzi. Mbale ya 78 musaiyandikize ku sipiriti kapena ku mowa uliwonse, pakuti shellac imasungunuka. Nsonga ya singano ipukuteni ndi kaburashi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, osati ndi chala. Posunga, mbale ziimikeni chilili ngati mabuku a m'laibulale, kutali ndi windo ndi denga la malata, chifukwa mbale zosanjikizana m'chipinda chotentha cha mu Okutobala zimapindika ngati chipapa.

Zimene ena anganene

Pali anthu a magulu awiri amene sangagwirizane nane, ndipo nkoyenera kuwamvera. Oyamba ndi akatswiri amene amati munthu asayerekeze kuimba mbale ngati alibe galamafoni ya mtengo wa malipiro a miyezi yambiri, ndi kuti sutikesi imapha mbale tsiku lomwelo. Uku nkukokomeza. Mawailesi aakulu a galamafoni amene ankakongoletsa mabalaza m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, ambiri adali ndi katiriji ya ceramic ndi mkono wolemera, komabe mbale zambiri zimene zidaimbidwa pa iwo zikumveka mpaka lero. Mbale yoyera yoimbidwa kangapo ndi singano yatsopano pa sutikesi siingafe. Kutha kwa mbale kumadza pang'onopang'ono, ndipo kumayamba kumveka pa nyimbo zomaliza za mbali iliyonse, pafupi ndi pakati, pamene timafunde timathinana kwambiri. Kuopseza achinyamata ndi mitengo yosafikirika kumangowachititsa kutaya mtima nkugula chilichonse.

Achiwiri ndi amene amati galamafoni ndi galamafoni, bola ikuzungulira. Iwo amaloza mbale zomwezija za m'ma 1970 nkunena kuti zidapirira. Koma tikamvetsera bwino mbale zimenezo, zambiri zimasasa ndi kuthetheka, ndipo kusasako si ukalamba chabe: ndi zipsera za masingano otha ndi mikono yolemera. Zidapirira kamodzi, kuzibwezera m'goli lomwelo nkuzimaliza. Kuonjezera apo, sutikesi ili ndi zilema zina. Masipika ake ali m'bokosi lomwelo limene muli singano, motero mukakweza mau bokosi lonse limanjenjemera singano nkumadumpha. Gudumu loikapo mbale ndi laling'ono, chimbale chachikulu chimatsala chikulendewera m'mbali. Kunja nkokongola ndithu, koma akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pogula tifunse chiyani?

Safunsa adadya phula. Wogula galamafoni, kaya yatsopano kaya yakale, afunse mafunso awa ndipo asatulutse ndalama asanayankhidwe.

Poyamba, kodi katiriji yake ndi ya maginito, ndipo nsonga ya singano ndi ya dayamondi? Ngati bokosi kapena kabuku kake sikakunena kanthu, kawirikawiri yankho limakhala lakuti ayi, chifukwa wopanga amene waika dayamondi sabisa.

Chachiwiri, kodi singano yosinthira imapezeka, ndipo dzina kapena nambala yake ndi chiyani? Galamafoni yopanda singano yosinthira ili ngati njinga yopanda matayala ogula. Nkwanzeru kugula singano yachiwiri tsiku lomwelo, makamaka ngati katunduyo akuchokera kunja.

Chachitatu, kodi mkono umatsamira ndi magalamu angati, ndipo ungathe kusinthidwa? Galamafoni yabwino imakhala ndi kachitsulo kolemera kumbuyo kwa mkono, kamene kamasunthidwa ngati mwala wa pa sikelo, ndiponso kabatani koletsa mkono kukokera m'kati. Pali magalamafoni ena otsika mtengo amene alibe kachitsuloka koma adayezedwa kale ku fakitale. Chitsanzo chodziwika ndi AT-LP60X ya kampani ya Audio-Technica, imene ili ndi katiriji ya maginito, singano ya dayamondi yosinthika, ndipo imatsamira ndi magalamu 3.5. Muyeso umenewu ndi wokwererako, koma ndi umene katirijiyo idapangidwira. Kwa ine, apa mpamene payambira magalamafoni oyenera kuwapatsa mbale zimene munthu amazikonda. Mtengo wake umaposa wa sutikesi mwina kawiri kapena katatu, ndipo pamwamba pake pali ena a makampani monga Pro-Ject ya ku Austria ndi Rega ya ku Mangalande. Kasikelo kakang'ono koyezera kulemera kwa singano nkotsika mtengo, ndipo aphunzitsi anzanga a sayansi angapezepo phunziro labwino la m'kalasi.

Chachinayi, kodi mau adzatulukira kuti? Katiriji ya maginito imafuna ampulifaya yokhala ndi polowetsera polembedwa phono, kapena galamafoni yokhala ndi chokuzira chimenechi m'kati mwake. Ambiri amagula nkukaluma chala kunyumba atamva nyimbo ikunong'ona. Masipika akhale apadera, ndipo asaikidwe pa thebulo limodzi ndi galamafoni.

Chachisanu, kodi idapangidwira magetsi a kuti? Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndi 50 Hz, ofanana ndi a ku Mangalande ndi ku South Africa, pamene a ku America ndi a mavoti 120 ndi 60 Hz. Galamafoni ya ku America yosakonzedwera magetsi athu ingathe kupsa, ndipo zina zakale, ngakhale mutatsitsa mavoti, zimazungulira mochedwa. Werengani zolembedwa kumbuyo kwake musanatume mbale wanu kuti agule.

Tisanyozenso magalamafoni akale ogula kwa anthu. A Technics, Pioneer ndi Sansui a ku Japan, kapena a Dual a ku Germany, opangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ambiri adamangidwa molimba ndipo ali ndi mikono yabwino kuposa atsopano a mtengo wofanana. Maonekedwe ake angakhale okandika ndi ofwifwa, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Musanalipire, onani ngati mkono ukuyenda momasuka popanda kugwedera, ndipo yesani liwiro lake motere: matani kapepala m'mphepete mwa gudumu nkuwerenga, pa 33 liyenera kuzungulira ka 100 ndendende pa mphindi zitatu. Likamachedwa, kawirikawiri amakhala lamba amene watamuka, ndipo lamba amagulidwa. Koma singano imene mwaipeza pamenepo musaikhulupirire, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti njatsopano. Isintheni musanaimbe mbale yoyamba.

Chimene chili m'bokosi

Nkhani yonseyi ikadakhala ya zosangalatsa chabe ndikadaisiyira amalonda. Koma mbale si zofanana. Za Jim Reeves, amene makolo athu ankamukonda kwambiri, zidasindikizidwa zankhaninkhani, ndipo nyimbo zake zili paliponse pa intaneti. Imodzi ikatha, dziko silitaya kanthu. Nzosiyana ndi mbale za oimba a kuno kwathu ndi maiko oyandikana nafe. Zimenezi zinkasindikizidwa zochepa, ndipo matepi oyambirira a nyimbo zambiri adasowa. Mbale za Alick Nkhata amene ankaimba ku Lusaka, timbale ta Nzeru Record Company imene idakhalako zaka zochepa chabe kuno ku Malawi, kapena zimbale zimene kampani ya Teal inkasindikiza ku Ndola, si zinthu zotola pamsewu. Gulu la WITCH la ku Zambia, limene lidatulutsa chimbale cha Lazy Bones!! mu 1975, lidaiwalika kwa zaka zambiri kufikira kampani ya Now-Again ya ku America idasindikizanso nyimbo zake mu 2012, ndipo zimbale zake zoyambirira amazisaka anthu a maiko akutali. Nkutheka kuti m'bokosi lina kunsi kwa bedi ku Ndirande kapena ku Mzimba muli kambale kamene katsala kokha pa dziko lonse. Kambale kotere kakapalika, liu la woimbayo lapita naye kumanda kachiwiri.

Nchifukwa chake ndikulangiza kuti mbale za m'bokosi muzigawe milu iwiri. Mulu woyamba ukhale wa zopezeka, zimene mungaimbe monga mufunira. Mulu wachiwiri ukhale wa zosowa. Zimenezi zitsukeni, ziimbeni pa galamafoni yabwino yokhala ndi singano yatsopano, ndipo jambulani nyimbozo pa kompyuta kuti tsiku ndi tsiku muzimvera pa foni, mbale yeniyeni ili chisungire. Wopanda galamafoni yabwino abwereke kapena adikire. Mbale yoima bwino pamthunzi siionongeka ndi kudikira. Yadikira kale zaka 50.

Mnyamata uja nditamuuza zimenezi adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati, "Ndamva, aphunzitsi. Mbale zingathe kudikira miyezi itatu kuti ndisunge ndalama. Koma agogo ndi okalamba. Sindikudziwa ngati iwo angadikire." Mau amenewa adandigonjetsa, pakuti adali oona. Tidapangana kuti iye asunge ndalama zake kufikira zitakwana galamafoni yoyenera, ndipo ine Loweruka lotsatira ndidanyamula yanga, ampulifaya ndi masipika omwe, kupita nazo kwa agogowo. Tidayamba ndi kutsuka mbale ndi kuzigawa milu iwiri. M'bokosimo mudalinso mbale za 78 zisanu ndi imodzi, ndipo zimenezo tidaziika padera kufikira titapeza singano yake. Chimbale choyamba chitayamba kulira, agogo adaika dzanja pakamwa, kenaka adayamba kuimba nawo, mau onse osaphonya ngakhale amodzi.

Inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mwalandira malipiro oyamba, ndalama ndi zanu ndipo palibe angakuletseni kugula chimene mtima wanu wakonda. Koma musanaike singano pa mbale ya makolo, funsani kuti singanoyo ndi ya chiyani, yaimba maola angati, ndipo ikutsamira ndi magalamu angati. Ndipo inu aphunzitsi anzanga, ophunzira athu akale akabwera kudzatifunsa za zinthu zotere, tiyeni tiwayankhe ndi masamu ndi sayansi yomwe ija tidawaphunzitsa.